Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo: thandizo la matenda a magazi litsikire kuno kuchigwa

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Mlembi Wamkulu mu Unduna wa Zaumoyo, akuluakulu oyang'anira zaumoyo m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, aphungu athu onse a m'Chigwa cha Shire, akuluakulu a bungwe la Malawi Blood Transfusion Service (MBTS) ndi a yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS.

Mabwana ndi madona, landirani moni waulemu kuchokera kuno kuchigwa. Tikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Tikudziwa kuti pamatebulo panu sipasowa nkhani zolemetsa, komabe tikupempha kuti mutitcherere khutu pang'ono.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ndikulera mdzukulu wodwala sickle cell. Kalatayi si yanga ndekha. Tilipo makolo ndi agogo angapo amene tidadziwana pamabenchi a chipatala ndi m'makhitchini a magadiyani, ena a ku Ngabu, ena a ku Bangula, ena a kutsidya ku Muona ndi ku Makhuwira. Poti ine ndiye wozolowera choko ndi cholembera, anzangawo adati ndilembe ndine. Taiika poyera dala kuti anthu ena amve nawo, chifukwa m'midzi mwathu muli ana odwala matendawa amene makolo awo sadziwa n'komwe kuti nthendayo ili ndi dzina.

Dandaulo lathu ndi ili. Njira zoyezera matenda a magazi zilipo m'dziko muno. Mankhwala alipo. Madokotala odziwa alipo. Koma zambiri mwa izi zidakhazikika kumtunda, ku Blantyre, ndipo mwana wa kuchigwa amazipeza pokhapokha ngati makolo ake ali ndi ndalama yokwerera phiri la ku Thabwa mobwerezabwereza, chaka chonse, moyo wake wonse.

Inu akuluakulu mukuwadziwa matendawa, koma mundilole ndifotokoze mwachidule chifukwa cha anzathu amene akuwerenga nafe. Sickle cell ndi matenda obadwa nawo. Sapatsirana pogwirana chanza, podyera mbale imodzi kapena pogonana. Mwana amatengera kwa makolo onse awiri. Bambo ndi mayi akhoza kukhala athanzi, olima kudimba ndi kupalasa bwato popanda vuto, koma aliyense atanyamula mbewu ya matendawa m'magazi mwake. Zikatero, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi matendawa ndi umodzi mwa inayi. Maselo ofiira a magazi a mwana wotere amapindika ngati chikwakwa, amauma, n'kumatsekereza m'timitsempha ting'onoting'ono, ndipo apa m'pamene pamachokera ululu wa m'mafupa. Maselowa sakhalitsanso. A munthu wabwinobwino amakhala masiku pafupifupi 120, koma awa amafa pakati pa masiku 10 ndi 20. N'chifukwa chake mwanayo amakhala wochepa magazi nthawi zonse, maso ali achikasu. Magazi amene adatengedwa kwa ana m'dziko lonse pa kafukufuku wa kadyedwe wa 2015 mpaka 2016 adaonetsa kuti ana pafupifupi 9 mwa 100 aliwonse ali ndi mbewuyi.

Zimene zimadzutsa matendawa ndi zomwe tili nazo mochuluka kuno: kutentha kopitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, kutha madzi m'thupi, malungo, ndiponso kunyowa ndi kuzizidwa madzi akasefukira, anthu akamagona m'makalasi ndi m'matenti. Mwana wa sickle cell wa ku Nsanje amakhala pampanipani kuposa mnzake wa ku Namiwawa mumzinda wa Blantyre.

Choyamba chotipweteka ndi kuchedwa kudziwa.

Mayi wina m'gulu lathu adataya mwana wake woyamba asanakwanitse zaka ziwiri. Anthu adati ndi malungo. Wachiwiri atangoyamba kukhala pansi, manja ndi mapazi zidatupa, akulira usiku wonse osalola kukhudzidwa. Akuchimuna adakhala pansi n'kugamula kuti ndi tsempho, kuti mayiyu adayenda njira yosayenera. Mwana adatemedwa mphini, adamwetsedwa zitsamba, ndipo naye adapita. Mayiyu adatsala pang'ono kubwezedwa kwawo. Pa mwana wachitatu m'pamene adokotala ena pachipatala china adakhala chete n'kuyamba kutsegula kabuku ka kuchipatala tsamba ndi tsamba. Adaona malungo, LA, kuikidwa magazi, malungo, LA, kuikidwa magazi. Adafunsa za ana awiri omwalira aja, kenaka adalemba kalata yopita ku Blantyre. Kumeneko m'pamene mayiyu adamva koyamba kuti mlandu umene adausenza yekha zaka zonsezi sudali mlandu ayi, ndipo kuti mbewuyo ili m'magazi a iye ndi mwamuna wake mofanana.

Nkhani ngati iyi aliyense wa ife ali nayo yakeyake. Chimene chimafanana n'choti zizindikiro zonse zimakhala zolembedwa kale m'kabuku, koma tsiku lililonse mwana amaonedwa ndi munthu wina, pamzere pali anthu ochuluka, ndipo palibe amene ali ndi mpata wolumikiza masamba.

Chonsecho masiku ano kuyeza sikufunanso makina akuluakulu. Kuli tizipangizo tofanana ndi toyezera malungo, monga HemoTypeSC ndi Sickle SCAN, tongofuna kadontho ka magazi a kuchidendene kapena kuchala, ndipo yankho limatuluka pa mphindi zochepa popanda magetsi. Njira yofikira ana akhanda nayo boma lili nayo kale. Amayi amabwera kusikelo mwana akakwana masabata 6 kudzabayitsa katemera, ndipo pa msinkhu womwewo anamwino amatenga kale magazi a kuchidendene kwa ana obadwa kwa amayi amene ali ndi HIV. Manja odziwa ntchitoyi alipo ku Ndamera, ku Tengani, ku Chapananga. Chotsala n'kuwapatsa kachipangizo ndi chilolezo.

Mwina wina afunsa kuti kudziwa msanga kuthandiza chiyani ngati matendawo sachoka. Kumathandiza kwambiri. Kapamba wa mwana wa sickle cell amafooka msanga, choncho tizilombo timene mwana wina angalimbane nato iye timamupha pa tsiku limodzi. Kafukufuku wa ku America wa 1986 adaonetsa kuti kumwa penicillin tsiku ndi tsiku kuyambira ukhanda kumachepetsa kwambiri matenda oopsawa, ndipo kuyambira pamenepo mayiko amene amayeza ana akhanda amapereka mankhwalawa mpaka mwana atakwanitsa zaka 5. Penicillin si mankhwala odula. Folic acid si wodula. Katemera wa chibayo alipo m'dziko muno kuyambira 2011. Neti ya udzudzu ilipo. Mayi amene wauzidwa kuti mwana wake ali ndi sickle cell amaphunzira kupapasa pamimba kuti amve ngati kapamba wakula, amayang'ana zikhatho ndi m'zikope, amadziwa kuti thupi likangotentha sadikira kuti kuche. Zonsezi zimayamba ndi kadontho kamodzi kaja.

Chachiwiri ndi mtunda.

Tikuyamika kuti ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, ku Gulupu, kuli kiliniki ya ana a sickle cell ndipo ana athu ena ali moyo lero chifukwa cha kumeneko. Koma kuchokera pa boma la Nsanje kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo wa ku Marka amawonjezerapo. Wa ku Makhanga, kumene madzi a 2015 adasintha njira ya mtsinje wa Ruo, amayamba ndi bwato. Wa kwa Nyachikadza nayenso ndi bwato, kenaka kabaza, kenaka minibasi. Ulendowu ndi wa anthu awiri, mwana ndi womuperekeza, ndipo kawirikawiri sutheka kupita ndi kubwerera tsiku limodzi. Mlimi wa thonje kapena mapira amene amagwira ndalama kamodzi pachaka amagulitsa mbuzi kuti apite koyamba, nkhuku kuti apite kachiwiri, ndipo kachitatu amangokhala. Ku kiliniki amalemba kuti wodwalayo adasiya kubwera. Sadasiye, mabwana. Adalephera.

Ndiye pali miyezi imene ngakhale wandalama sangadutse. Namondwe Ana mu Januwale 2022 adadula msewu wa M1 ndipo adaononga mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza. Freddy mu Malichi 2023 adabweranso n'kutsekera madera ambiri. Nyengo imeneyi ndiyonso ya malungo. Dongosolo la chithandizo lodalira msewu umodzi wokwera phiri limaduka chaka chilichonse pa nthawi yomwe likufunika kwambiri.

Pali mankhwala otchedwa hydroxyurea, kapisozi womwa kamodzi patsiku. Zotsatira za kafukufuku wa REACH, amene adachitika pa ana oposa 600 ku Angola, Democratic Republic of Congo, Kenya ndi Uganda, zidatuluka mu 2019 ndipo zidaonetsa kuti mankhwalawa amachepetsa ululu, kuikidwa magazi, malungo ndi imfa pakati pa ana a mu Africa muno. Ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika wa bungwe la WHO. Ife tawaona akugwira ntchito ndi maso athu: mwana amene ankajomba sukulu theka la teremu akutha teremu yonse, akusewera mpira wa chikulunga ndi anzake. Koma mankhwalawa amafuna zinthu ziwiri. Asadukize, komanso magazi a mwana aziyezedwa pafupipafupi ndi makina owerenga maselo kuti mulingo usapitirire. Ambiri a ife takhalapo tikuwagula tokha m'mafamase a m'tauni, ndalama ikatha n'kulekeza, kapena kumwetsa mwana modumphitsa masiku kuti botolo lifike patali. Tikudziwa kuti si mmene ziyenera kukhalira. Tilibe chochita.

Chachitatu ndi magazi enieniwo, ndipo apa nkhani sikhudza a sickle cell okha. Ikhudza mayi wotaya magazi pobereka, mnyamata wa kabaza wochita ngozi, munthu wolumidwa ndi ng'ona pa Shire, ndi mwana aliyense amene malungo amumwa magazi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 63 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ndi ochepa magazi. Mwana woyambira pamenepo malungo akamugwira, satenga masiku ambiri kuti zikhatho ziyere.

Agogo ena m'gulu lathu adafika ndi mdzukulu pachipatala china usiku, mwana akupuma mothamanga, lilime lili mbuu. Anamwino adachita mbali yawo mwachangu, a ku labu adayeza, koma m'firiji mudalibe magazi a gulu lake. Adauzidwa kuti apeze achibale. Agogowo adabwereka foni, adaimba kumudzi, malume wa mwanayo adabwera pa njinga mumdima, ndipo atayezedwa magazi ake sadagwirizane. Ambulansi idalipo koma mafuta adali ochepa, ndipo idadikira kuti apezeke odwala ena opita njira yomweyo. Mwanayo adapulumuka, koma adatsala wofooka mbali imodzi ya thupi. Lero amakoka mwendo ndipo cholembera amagwira ndi dzanja lamanzere.

Tikudziwa mmene magazi amapezekera. Bungwe la MBTS, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2003, limatolera magazi kwa anthu opereka mwaufulu, limawayeza HIV, matenda a chiwindi ndi chindoko, kenaka limagawa kuzipatala kuchokera ku nthambi zake za Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka. Ambiri opereka ndi ophunzira a sekondale ndi makoleji, choncho sukulu zikatsekera nkhokwe zimaphwa, ndipo tchuthi cha Disembala chimakumana ndi chiyambi cha mvula. Magazi amafuna kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 6, ndipo sakhala kupitirira masabata 5 kapena 6. Kuno kotentha chonchi, magetsi akathima ndipo jenereta ilibe dizilo, thumba limene wophunzira wina adapereka ndi mtima wonse limatayidwa. Tikukumbukira bwino mdima umene udatsatira kuonongeka kwa damu lopangira magetsi la Kapichira mu 2022, pamene dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130. Kapichira ali m'boma lathu lomwe lino la Chikwawa. Dzuwa ndiye sitisowa. Firiji yosungira magazi yoyendera sola siyenera kukhala chinthu chachilendo m'chigwa muno.

Mbali ina ya vutoli ili kwa ife eni, ndipo sitibisa. Anthu ambiri kuno amaopa kupereka magazi. Ena amati akapereka afooka kumunda, ena amati magaziwo amagulitsidwa, ndipo mphekesera za anamapopa za 2017 zidasiya mantha amene sadatheretu. Koma mantha sathetsedwa ndi chikwangwani cha Chingerezi chopachikidwa pakhoma la chipatala. Amathetsedwa ndi munthu wodziwika m'deralo, wolankhula Chisena kapena Chimang'anja, amene wapinda malaya pamaso pa anthu n'kupereka yekha, mawa lake n'kuoneka akulima. Tili ndi wayilesi za m'dera monga Nyanthepa ndi Gaka. Tili ndi mipingo, mizikiti, misika ikuluikulu ya pa Ngabu, Nchalo ndi Bangula, ndi anthu ambirimbiri ogwira ntchito m'minda ya nzimbe. Galimoto yotolera magazi ikamabwera pa masiku odziwika, anthu n'kumva kuti magazi amenewa adzathandiza m'zipatala za kwawo konkuno, opereka apezeka.

Za ululu ndinene mwachidule, poti amene sadauone savomereza. Mwana wa zaka 10 amakuwa ngati wathyoka mafupa, koma ukayang'ana palibe bala, palibe chotupa. Ena mwa ana athu adauzidwapo kuti akunamizira, n'kupatsidwa panado awiri kuti azipita. Ululu wa sickle cell ukafika pachimake umafuna dilipi, mankhwala amphamvu monga mofini, ndi kufufuza chimene chaudzutsa. Mofini wakumwa amagwiritsidwa kale ntchito m'dziko muno pa odwala khansa. Wodwala sickle cell wofika akulira asaime pamzere wa chifuwa ndi chimfine.

Pali matenda enanso a magazi amene ali kumbuyo kwenikweni. Mnyamata wa haemophilia, amene magazi ake saundana, amatupa mawondo popanda kugwa, ndipo akazulidwa dzino kapena kudulidwa amatha masiku akukha magazi. Mwa ana aamuna pafupifupi 5,000 obadwa, mmodzi amakhala ndi mtundu wofala wa matendawa. Mwerengere nokha kuchuluka kwa ana obadwa m'maboma awiriwa. Ana amenewa alipo, kungoti sakudziwika. Chimodzimodzi khansa ya m'magazi: mwana amatentha thupi mobwerezabwereza, amatuluka magazi m'nkhama, amapatsidwa mankhwala a malungo kangapo, ndipo pofika ku wodi ya khansa ku Blantyre nthawi imakhala itatha.

Tsopano ndifike pa nkhani ya kafukufuku, imene kwa ine ndiyo yowawa kwambiri chifukwa chigwa chino chapereka zambiri.

Kwa zaka zambiri Chikwawa yakhala malo ophunzirirapo za malungo ndi kuchepa kwa magazi. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome lili ndi malo ake ogwirira ntchito kuno. Midzi yozungulira nkhalango ya Majete idachita nawo ntchito yaikulu yofufuza njira zothana ndi udzudzu. Katemera wa malungo atayamba kuperekedwa mu Epulo 2019, Malawi ali dziko loyamba padziko lonse, Chikwawa ndi Nsanje adali m'gulu la maboma oyambirira. Kafukufuku wotchuka wa ana ochepa magazi kwambiri, amene adasindikizidwa mu 2008, adachitikira ku Queen Elizabeth ndi ku chipatala cha boma cha Chikwawa. Adapeza zinthu zimene zidadabwitsa madokotala: kuti vuto lalikulu pa ana amenewa silidali kusowa kwa ayironi monga ankaganizira, koma malungo, tizilombo ta m'magazi, njoka za m'mimba zoyamwa magazi, HIV, kusowa kwa mavitamini A ndi B12, ndi vuto lina lobadwa nalo lotchedwa G6PD. Atawatsatira anawo kunyumba, adapezanso kuti omwalira atatuluka kale m'chipatala adachuluka kuposa omwalira ali pabedi. Ntchito imeneyi, imene Pulofesa Kamija Phiri ndi anzake adaipitiriza, ndi imodzi mwa zimene zidachititsa kuti mu 2022 bungwe la WHO lilangize mayiko kuti mwana wotuluka m'chipatala atachepa magazi kwambiri azipatsidwa mankhwala oteteza malungo kwa miyezi ingapo ali kunyumba.

Taonani pamenepo. Amayi a ku Chikwawa adalola kuti ana awo atengedwe magazi, adayankha mafunso, adalandira alendo m'makomo mwawo, ndipo nzeru yotuluka pamenepo ikupulumutsa ana m'mayiko ena. Timanyadira. Koma tikufunsa kuti nzeruyo izibwerera kumene idachokera, ndipo iziyambira konkuno. Mwana wa kwa Kasisi kapena kwa Mlolo amene waikidwa magazi asatuluke m'chipatala chimanjamanja, kholo lake osauzidwa kuti miyezi itatu yotsatira ndiyo yoopsa.

Tikufunanso kuti mafunso a kafukufuku azichokerako kwa ife. Kodi m'Chigwa cha Shire ana angati amabadwa ndi sickle cell chaka chilichonse? Chiwerengero cha dziko lonse n'chothandiza, koma chigwa chino chili ndi malungo akeake, anthu akeake, ndi maukwati odutsa malire a Mozambique. Kodi mwa ana amene amaikidwa magazi kawiri kapena katatu, angati ali ndi matenda obadwa nawo? Kodi ngalande yaikulu ya ulimi wamthirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene tikuilandira ndi manja awiri, idzasintha bwanji malungo ndi likodzo, zomwe zonse zimamwa magazi? Awa ndi mafunso oti ophunzira a KUHeS angathe kuwagwirira ntchito. Ndipo zotsatira zikatuluka, zisathere m'mabuku a Chingerezi ndi m'misonkhano ya kunyanja. Abwere adzatiuze pabwalo la mfumu m'chilankhulo chathu. Ofufuza amene amabwerera kudzanena zimene adapeza savutika kulandiridwa ulendo wotsatira, ndipo palibe amene amawatcha anamapopa.

Pano ndiime kaye ndithokoze anamwino, madokotala, a ku labu, oyendetsa ambulansi ndi alangizi a zaumoyo a kuno. Kugwira ntchito m'wodi yotentha mwezi wa Okutobala, odwala awiri pabedi limodzi, si masewera. Tawaonapo ena akupereka magazi awoawo kwa wodwala wosamudziwa. Kalatayi sikuwaloza chala. Ikuwapemphera zida.

Tikudziwa yankho limene limabwera msanga: ndalama palibe. Koma zimene tikupempha si chipatala chatsopano cha nsanjika. Njira yake idayesedwa kale m'dziko muno. Ku Neno, boma la mapiri ndi misewu yovuta, Unduna wanu pamodzi ndi a Abwenzi Pa Za Umoyo mudatsegula makiliniki a PEN-Plus, kumene madokotala ndi anamwino a pachipatala cha boma, ataphunzitsidwa mwapadera, amasamala odwala sickle cell, shuga wa ana ndi matenda a mtima pafupi ndi kwawo. Mu 2022, pa msonkhano wa ku Lomé m'dziko la Togo, nduna za zaumoyo za mu Africa zidavomereza kuti njira imeneyi ifalikire m'zipatala za maboma. Gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko lino limalamula boma kupereka chithandizo cha zaumoyo chogwirizana ndi zosowa za anthu. Ndipo muwerengere mtengo wa kusachita kanthu: mafuta a ambulansi yokwera Thabwa usiku, matumba a magazi, masiku a pabedi, ndi mwana wofa ziwalo amene adzafuna chisamaliro mpaka kukula.

Choncho, mwaulemu, tikupempha izi:

1. Pa zipatala za boma za Chikwawa ndi Nsanje pakhale kiliniki ya matenda a magazi ya tsiku lodziwika sabata iliyonse, yokhala ndi antchito ophunzitsidwa amene sasinthidwasinthidwa, ndi kaundula wa odwala. Kilinikiyi izifikanso ku Ngabu, komanso ku zipatala za mishoni za St Montfort ku Nchalo, Kalemba ku Bangula ndi Trinity ku Muona, pansi pa mgwirizano wa boma ndi CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kuti wodwala asalipire. Ya ku Muona ndiyofunika kwambiri chifukwa East Bank imatsekeka mvula ikagwa.

2. Ana akhanda aziyezedwa sickle cell kusikelo. Ngati simungayambe ndi onse, yambani ndi mwana aliyense amene waikidwa magazi, amene watupa manja ndi mapazi, ndi abale ake a wodwala wodziwika kale.

3. Hydroxyurea, penicillin, folic acid ndi mankhwala oteteza malungo azipezeka mwaulere pa makiliniki amenewa osadukiza, ndipo mvula isanayambe odwala a m'madera osefukira azipatsidwa a miyezi itatu. Makina owerenga maselo a magazi azikhala ndi mankhwala ake ndi munthu wowakonza.

4. Katswiri wa matenda a magazi wochokera ku Queen Elizabeth kapena ku KUHeS azitsika kuno kamodzi pa miyezi itatu iliyonse, atanyamula kamakina kounikira mitsempha ya m'mutu kamene kamasonyeza mwana amene ali pachiopsezo cha sitiroko. Munthu mmodzi atsike phiri m'malo moti mabanja ambirimbiri alikwere.

5. M'chigwa muno mukhale nkhokwe ya magazi yoyendera sola, yodzazidwa Disembala asanafike, ndi ndondomeko yotolera magazi m'misika, m'mipingo ndi m'malo a ntchito, yolengezedwa pa wayilesi za m'dera m'Chisena ndi m'Chimang'anja.

6. Mwana aliyense wotuluka m'chipatala ataikidwa magazi azipatsidwa mankhwala oteteza malungo monga WHO idalangizira mu 2022, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake azidziwitsidwa kuti amutsatire.

7. Wodwala aliyense wa sickle cell kapena haemophilia akhale ndi chitupa chosanyowa cholembedwa matenda ake, gulu la magazi ake ndi mankhwala amene amamwa, kuti akafika pachipatala chilichonse, ngakhale pa kampu ya anthu othawa madzi, athandizidwe mosadikira.

8. Kafukufuku wa matenda a magazi obadwa nawo achitike m'maboma awiriwa, ndipo aliyense wofufuza kuno akhale ndi udindo wobwerera kudzafotokoza zotsatira kwa anthu amene adapereka magazi awo.

Kwa inu aphungu athu, nkhanizi mukazifunse m'Nyumba ya Malamulo pokambirana bajeti ya zaumoyo, ndipo pogawa ndalama za CDF mukumbukire kuti firiji ya sola ndi chitukukonso. Kwa a Gogo Chalo a Lundu ndi mafumu onse kuyambira kwa Chapananga mpaka kwa Ndamera, tikupempha kuti mlandu wa mwana wotupa manja ukafika pabwalo lanu, muyambe mwatumiza banjalo kukayezetsa, bambo ndi mayi onse, musanamve za tsempho kapena ufiti. Kwa aphunzitsi anzanga, mwana wa sickle cell mumulole akhale ndi botolo la madzi m'kalasi, apite kuchimbudzi akapempha, ndipo musamupatse chibalo cha padzuwa.

Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Musangodalira malipoti a pamwezi. Bwerani mudzakhale nafe tsiku limodzi pa wodi ya ana mwezi wa Febuluwale, mudzatsegule timabuku ta kuchipatala ta ana amene aikidwa magazi kangapo, mudzafunse amayi awo kuti adabereka ana angati ndipo atsala angati.

Pa 19 Juni dziko lonse lapansi limakumbukira matenda a sickle cell. Tikupempha kuti tsikuli lisanafike mutiyankhe poyera, mfundo ndi mfundo, kuti ziti mungathe chaka chino, ziti chaka chamawa, ndipo ziti simungathe ndi chifukwa chake. Yankho lanu tidzaliwerenga pa wayilesi ndi m'magulu athu a WhatsApp monga tachitira ndi kalatayi. Owerenga amene muli ndi mwana wa zizindikiro zimene ndatchula, pitani naye kuchipatala ndipo mukatchule dzina la matendawa nokha, mukapemphe kuti ayezedwe. Kalatayi itumizeni kwa phungu wanu, khansala wanu ndi komiti ya chipatala cha kwanu.

Ndine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi komanso agogo a mwana wodwala sickle cell,
m'malo mwa makolo anzanga a ku Chikwawa ndi Nsanje.